Timasukulu Tokonzekeretsa Mayeso: Phindu Lake ndi Malire Ake kwa Ophunzira a ku Chimbiya

Msika wa Chimbiya, umene uli m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa mzinda wa Lilongwe ndi tauni ya Dedza, umadziwika kwa anthu apaulendo chifukwa cha malonda a zokolola, popeza ndi pamene alimi a m'midzi yozungulira amabweretsa soya, mtedza, nyemba, tomato ndi mbatata ya kachewere, ndipo mavenda amakolekapo masikelo awo nyengo yokolola ikafika. Nkhani ino ikukhudza ntchito ina imene imapezeka m'misika ngati umenewu, ngakhale kuti kawirikawiri sikhala ndi chikwangwani chooneka, imene ndi yophunzitsa mwapadera anthu amene akukonzekera kulemba mayeso a boma. Ambiri amangoitcha kuti part-time, ndipo imachitikira m'chipinda cha lendi kuseri kwa magolosale, m'kanyumba ka mpingo, kapena pakhonde la mphunzitsi amene anapuma pantchito, pamene ophunzira asanu, asanu ndi atatu, mwinanso mmodzi yekha, amakhala ndi mphunzitsi kwa maola angapo madzulo. Kasukulu kotere kali ndi chinthu chimodzi chimene sukulu yaikulu imavutika kupereka, ndipo chinthucho chikatayika palibenso chifukwa choti kholo lililonse likaperekeko ndalama zake.

Pofuna kumvetsa chimene chimachititsa anthu kufuna thandizo lotere, n'koyenera kuyamba ndi mmene mayeso a dziko lino amayendera. Mayeso a boma amakonzedwa ndi bungwe la Malawi National Examinations Board, limene anthu amalidziwa kuti MANEB, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987, likulu lake lili ku Zomba. Bungweli limalembetsa mayeso a Sitandade 8, amene amagwiritsidwa ntchito posankha ana opita ku sekondale, mayeso a Fomu 2 otchedwa JCE, amene analekeka pambuyo pa chaka cha 2016 n'kubwezeretsedwanso mu 2021, komanso mayeso a Fomu 4 otchedwa MSCE, amene ndiwo khomo lolowera ku maphunziro apamwamba ndi ku ntchito zambiri zolembedwa. Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndi 2 amasonyeza kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi amene amatchedwa makirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene 9 ndi kulephera. Magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wophunzira wachita bwino koposa akaphatikizidwa amapereka chimene chimatchedwa mapointi, kotero kuti mapointi 6 ndiwo apamwamba kwambiri, ndipo chiwerengerocho chikamakwera mwayi wosankhidwa umachepa. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo lakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse, ndipo wofuna kulowa ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi.

Dongosolo limeneli ndilo limabala anthu amene amagogoda pakhomo la kasukulu ka part-time, ndipo anthuwo sali a mtundu umodzi. Alipo mnyamata amene anakhoza Agriculture ndi Biology koma anagwa Chingerezi, ndipo tsopano amakhala pa kabaza pamsika satifiketi alibe. Alipo mtsikana amene anapeza satifiketi koma mapointi ake anachuluka moti sakanaganiziridwa ku koleji ya Bunda kapena ku sukulu ya unamwino, ndipo akufuna kubwereza maphunziro awiri okha kuti awatsitse. Alipo mayi wachitsikana amene anasiyira panjira chifukwa cha mimba, amene ngakhale kuti kuyambira mu 1993 boma limalola atsikana otere kubwerera kusukulu akachira, amaona kuti sangathe kukhala m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka masana mwana ali kunyumba. Aliponso munthu wamkulu amene ali kale pantchito, ndipo kukwezedwa kwake kukudikira pepala la MSCE. Onsewa safunika kuyambiranso silabasi yonse ya zaka ziwiri, koma amafunika munthu amene angapeze penipeni pamene akutayira malikisi, n'kuwathandiza pamenepo.

Kufuna mwayi wachiwiri kotereku sikwachilendo m'mbiri ya maphunziro a dziko lino, ndipo wailesi nayo inatengapo gawo. Pamene dziko linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, sukulu za sekondale zinali zowerengeka, ndipo sukulu ya Dedza Government Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1951, inkalandira ana osankhidwa kuchokera m'zigawo zonse, osati a ku Dedza okha. Pofuna kuthandiza unyinji umene unkatsala, boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College mu 1965, kumene ophunzira ankalandira maphunziro awo papepala, n'kumatumiza mayankho kuti akachongedwe, kwinaku akumvera maphunziro ena pa wailesi ya MBC. Sukuluyi pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education, kapena kuti MCDE, ndipo inali ndi malo ophunzirira m'madera ambiri a kumidzi. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana olembetsa chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo khamu limeneli litayamba kufuna malo ku sekondale, malo a MCDE aja anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene zimatchedwa CDSS, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ana ambiri a m'midzi yozungulira Chimbiya amene amafika ku sekondale amaphunzira m'sukulu zoterezi, ndipo zambiri mwa izo zinayamba popanda laibulale, popanda labotale, komanso ndi aphunzitsi amene anaphunzitsidwa kuphunzitsa ku pulayimale. Masana sukulu zomwezo zimalandiranso gulu lachiwiri la ophunzira olipira, m'dongosolo lotchedwa open school, ndipo aphunzitsi ake amakhala omwe aja amene aima kutsogolo kwa bolodi kuyambira m'mawa.

Chimene chimasowa kwambiri m'kalasi lodzaza si kufotokoza, pakuti aphunzitsi ambiri a m'sukulu zoyendera amafotokoza bwino ndiponso modzipereka. Chimene chimasowa ndi kuchonga. Mphunzitsi wa Chingerezi amene ali ndi makalasi anayi, lililonse la ana opitirira makumi asanu ndi limodzi, akapereka chimangirizo chimodzi amabwerera kunyumba ndi mulu wa makope umene sangaumalize mwachifatse ngakhale atakhala pansi sabata yathunthu, ndipo zotsatira zake n'zakuti amapereka ntchito yolemba mwa apo ndi apo, kapena amangoika chizindikiro ndi malikisi pansi pa tsamba osaonetsa cholakwika. Motero wophunzira akhoza kufika tsiku la mayeso asanaonepo munthu atakhala naye pansi n'kuwerenga naye chiganizo ndi chiganizo cha zimene walemba.

Apa ndi pamene kasukulu kakang'ono kamaonetsa phindu lake, ndipo phindulo limaonekera m'kope la wophunzira. Mphunzitsi amene ali ndi ophunzira asanu ndi mmodzi akhoza kutenga chimangirizo cha mmodzi, cholembera chofiira chili m'manja, n'kuona kuti mwanayo nkhani amaidziwa kuiyala koma amayamba kufotokoza zakale n'kulumphira m'nthawi ya tsopano pakati pa ndime, ndiponso kuti amasokoneza mawu olozera mwamuna ndi olozera mkazi, chifukwa Chichewa chimene amaganizira sichisiyanitsa awiriwa. Zolakwika ziwirizi zikhoza kubwerezedwa kambirimbiri patsamba limodzi n'kumudyera malikisi ochuluka, koma zikaloozedwa ndi chala n'kuyesedwa mobwerezabwereza kwa masabata angapo, zimatha. Chimodzimodzinso pa masamu, mphunzitsi amene akuyang'ana mzere ndi mzere wa ntchito ya wophunzira akhoza kupeza kuti mwana amene aliyense amamunena kuti sadziwa algebra njira yonse amaitsata bwino, koma amaiwala kusintha chizindikiro pochotsa mabulaketi amene kutsogolo kwake kuli chizindikiro chochotsera, ndipo kalakwidwe kamodzi kameneka ndiko kamaononga yankho lililonse. M'kalasi la anthu makumi asanu ndi limodzi mwana wotere amangopatsidwa ziro, ndipo amayamba kukhulupirira kuti mutu wake sugwira masamu, chikhulupiriro chimene chimapweteka kuposa ziro uja.

Akatswiri a zamaphunziro akhala akuiona mfundo imeneyi kwa nthawi yaitali. Mu 1984 Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti wophunzira wamba amene ankaphunzitsidwa payekha, n'kumayesedwa ndi kukonzedwa asanapite pa mutu wotsatira, ankaposa pafupifupi 98 mwa ophunzira 100 a m'kalasi la masiku onse. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira anapeza kusiyana kocheperapo kuposa kumeneku, koma anatsimikizabe kuti kuphunzitsa munthu mmodzi kapena kagulu kakang'ono ndi imodzi mwa njira zamphamvu kwambiri zothandizira wotsalira. Choyenera kuchigwira bwino n'chakuti mphamvuyo sichokera pa kuchuluka kwa maola kapena pa kulipira ndalama, koma pa kuyesa, kuchonga ndi kukonza msanga, cholakwika chisanazike mizu.

Kuchokera pamenepa n'kosavuta kuona mmene kasukulu kabwino kamaonongekera. Mbiri ikamveka kuti ana a kwa mphunzitsi wakutiwakuti akhoza bwino, chaka chotsatira makolo amabwera ambiri, ndipo popeza lendi ya chipinda ndi imodzimodzi kaya muli ana asanu kaya makumi anayi, chiyeso choonjezera mabenchi chimakhala chachikulu. Ana akafika makumi anayi, mphunzitsi amabwerera ku njira yolemba manotsi pabolodi kuti ana akopere, makope amasiya kuchongedwa, ndipo kholo limayamba kulipira kawiri chinthu chomwe chija chimene mwana wake amachipeza m'mawa. Palibe chinyengo chooneka pamenepa, ndipo mphunzitsiyo akhoza kukhala wakhama monga kale, komabe chimene anthu anadzera chatha.

Vuto lachiwiri ndi lozama, ndipo limakhudza mphunzitsi amene amaphunzitsa ana omwewo m'mawa pa malipiro a boma ndi madzulo pa ndalama za makolo. Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa zinthu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angadabwe kuona mphunzitsi akufuna koonjezera, koma mwana wa m'kalasi mwake akakhala kasitomala wake, pamabadwa chiyeso chodutsa mwachangu mitu yovuta m'mawa kuti ikafotokozedwe bwino madzulo kwa amene alipira. Ngakhale mphunzitsiyo asachite zimenezi, mwana wosauka amene sapita ku part-time amayamba kumukayikira, ndipo chikhulupiriro chimene kalasi limadalira chimasweka. N'chifukwa chake Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuchenjeza aphunzitsi a boma za mchitidwe wolipiritsa ana awo omwe, ndipo n'chifukwa chakenso kasukulu koima pakokha, kamene mphunzitsi wake sachonga mayeso a m'kalasi a ana omwewo, kali ndi maziko oyera kuposa part-time ya m'kalasi la boma. Aphunzitsi opuma pantchito, komanso achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi koma sanalembedwe ntchito, ndiwo ali pamalo abwino ogwira ntchito imeneyi mosakayikitsa.

Vuto lachitatu ndi likasa, dzina limene ophunzira amatchulira mafunso obedwa kapena timapepala tolowa nato mobisa m'chipinda cha mayeso. Malo alionse amene amakopa ophunzira ndi manong'onong'o akuti ali ndi njira yodziwira zimene zibwere si sukulu, ndipo dziko lino likudziwa kale mtengo wa mchitidwe umenewu. M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi chifukwa cha mliri wa Covid-19 n'kutsegulidwanso mu Seputembala, mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala ali mkati chifukwa mapepala ena anali atafalikira pa mafoni, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Amene anavutika kwambiri anali ana a kumidzi amene likasalo sanalione n'komwe, koma makolo awo anayenera kupezanso ndalama za chakudya ndi za lendi kwa miyezi ina. Kuyeserera ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndi chinthu china, chovomerezeka ndiponso chofunika, chifukwa kumaphunzitsa wophunzira kugawa nthawi yake ndi kumvetsa chimene funso likufuna, makamaka kusiyanitsa funso lofuna kungotchula ndi lofuna kufotokoza chifukwa. Komabe ngakhale mapepala akale akhoza kugwiritsidwa ntchito molakwika ngati wophunzira akungoloweza mayankho ake, popeza wolemba mayeso akangotembenuza funso pang'ono woloweza uja amasowa pogwira.

Mayiko ena anayesapo kuthana ndi mavuto amenewa mwa kuletsa. Katswiri wina dzina lake Mark Bray, m'buku limene linafalitsidwa ndi nthambi ya UNESCO mu 1999, anasonyeza kuti maphunziro olipira apadera amatsatira sukulu za boma kulikonse kumene mayeso amodzi amagamula tsogolo la munthu, ndipo amasintha nthawi iliyonse imene silabasi yasintha. Dziko la South Korea linaletsa maphunziro otere mu 1980, koma mabanja olemera anapitiriza mobisa ndipo mitengo inangokwera, mpaka khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo linachotsa chiletsocho m'chaka cha 2000. Dziko la China nalo linaletsa mu 2021 makampani ophunzitsa maphunziro a m'sukulu pofuna phindu. Mbiri ya South Korea ikusonyeza kuti malinga ngati malo a ku yunivesite ali ochepa ndipo ofuna malowo ali ambiri, makolo adzafunafunabe thandizo lapadera, kotero kuti ntchito yothandiza kwa akuluakulu a zamaphunziro m'boma ngati la Dedza ndi kudziwa timasukulu timeneti, kutilembetsa ndi kutiyendera, kusiyana ndi kutithamangitsira kumdima.

Palinso malire amene ngakhale kasukulu koona mtima sikangawadutse, ndipo n'koyenera kuti makolo awadziwe asanapereke ndalama. Mayeso a Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture ali ndi mapepala a zochitachita, pamene wophunzira amayenera kugwira zida, kuyeza, kusakaniza mankhwala ndi kulemba zimene waona, ndipo chipinda cha lendi chimene chili ndi bolodi ndi choko zokha sichingamukonzekeretse mokwanira pokhapokha mphunzitsi atagwirizana ndi sukulu imene ili ndi zidazo. Chachiwiri, kasukulu ka part-time si malo olembera mayeso, ndipo wobwereza amayenera kulembetsa dzina lake pa sukulu imene MANEB inaivomereza kukhala senta, monga wolemba mayeso wochokera kunja kwa sukuluyo. Zakhala zikumveka m'dziko muno kuti ophunzira ena anapereka ndalama za mayeso kwa munthu amene sanakazipereke, n'kudzazindikira tsiku la mayeso litayandikira kuti mayina awo mulibe m'kaundula, choncho umboni wakuti dzina lalowadi uyenera kuonedwa ndi maso nthawi yolembetsa isanatsekedwe.

Nkhani ya nthawi ndiyo imavuta kwambiri kudera la alimi ngati Chimbiya, chifukwa kalendala ya sukulu ndi kalendala ya munda zimakokerana. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo kulembetsa mayeso kumachitika miyezi ingapo mayesowo asanafike, nthawi imene banja likusakasaka ndalama za feteleza ndi mbewu. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, imene wophunzira amafunika kukhala akuyeserera mwakhama, ndiyo miyezi imene chakudya chimachepa m'nyumba zambiri ndipo ntchito ya kupalira ndi kubandira imafuna dzanja lililonse. Ndalama zimadzapezeka soya ndi mtedza zikagulitsidwa, cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo pamenepo ndi pamene makolo ambiri amathamangira kwa mphunzitsi, kutatsala masabata owerengeka kuti mayeso ayambe m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Akale anati mmera mpoyamba, ndipo pankhani ya Chingerezi ndi masamu mawuwa ndi oona kotheratu, pakuti luso lolemba chiganizo cholongosoka silimangidwa m'masabata asanu ndi limodzi, ngakhale kuti mfundo za History kapena Geography zikhoza kubwerezedwa m'nthawi yochepa chotero. Mphunzitsi amene amadziwa dera lake akhoza kulola kuti wophunzira ayambe mu Seputembala kapena Okutobala n'kudzamaliza kulipira pokolola, ndipo mgwirizano wotere umatheka pa kasukulu kakang'ono chifukwa mphunzitsi ndi kholo amadziwana, amakumana pamaliro ndi kumsika, ndipo mfumu ya m'mudzi ikhoza kukhala mboni.

Nthawi ya tsiku nayo ili ndi kulemera kwake, makamaka kwa atsikana. Maphunziro amene amatha dzuwa litalowa amatsekera kunja mtsikana wa m'mudzi wa patali ndi msewu, amene makolo ake sangamulole kuyenda mumdima, ndipo m'miyezi yozizira kumapiri a Dedza kumada msanga. Mtsikana yemweyo ndi amene amayembekezereka kutunga madzi ndi kuphika nsima ya madzulo, kotero kuti kasukulu kamene kamaika maphunziro ake masana kapena Loweruka m'mawa, ndipo chitseko chake chimakhala chotsegula kuti kholo lililonse lithe kusuzumira, kamafikira ophunzira amene ena amawasiya.

Kholo limene silinapite patali ndi sukulu likhoza kuganiza kuti lilibe njira yodziwira ngati ndalama zake zikugwira ntchito, koma njirayo ilipo ndipo sifuna kudziwa Chingerezi. Likhoza kupita tsiku lina osanena n'kuwerenga mitu ya ana amene ali m'chipindamo. Likhoza kutsegula kope la mwana n'kuona ngati muli zolemba za mwanayo mwini zimene zadutsidwa ndi cholembera chofiira sabata iliyonse, kapena muli manotsi okhaokha okopera pabolodi. Likhozanso kufunsa mphunzitsi kuti mwana wake akuvutika pati, ndipo mphunzitsi amene amachongadi ntchito ya mwanayo adzatchula mutu weniweni ndi cholakwika chenicheni, monga mabulaketi aja kapena kusokoneza nthawi m'chimangirizo, pamene wina adzangoyankha kuti mwanayo alimbikire.